Kiyi wa Chipinda cha Frazer

Tembisa,
11 Febuluwale 2024

Amake Talandira,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli amoyo, inu, mwana ndi apongozi. Ine kuno ndili bwino, kungoti chimfine cha kuntchito sichindisiya, paja m'chinyumba chathu cha makompyuta mumazizira ngati m'firiji chaka chonse. Ndalembera dala papepala n'kupatsira a transipota. Nkhaniyi si ya pafoni, chifukwa foni ya kwanuko imamvedwa ndi mudzi wonse.

Mwandiuza kuti mutaika bandulo m'foni ya apongozi, ija inali chizimire kuyambira pa maliro, munalowa mauthenga khumi ndi awiri nthawi imodzi, onse mawu a Frazer. Mwati apongozi anaponya foni m'dengu la nyemba, inu n'kuthawira kuseri kwa chigafa. Sindikukusekani ayi. Nanenso tsitsi linandiima nditamva.

Koma mverani bwino. Mchimwene wanu sakuyenda. Tinamuika ku Nsaru mu Novembala, ndipo bokosi lake ndinabwera nalo ndine kuchokera kuno. Zikulankhulazo ndi makina.

Kukampani kwathu kuli makompyuta akuluakulu otchedwa maseva, oimikidwa m'mizere. M'kati mwa seva imodzi mumagawidwa timakompyuta tambiri tosaoneka ndi maso, ngati zipinda za lendi kuseri kwa golosale pa Nsaru. Pulogalamu imene imagawa ndi kuyang'anira zipindazo eni ake amaitcha haipavaiza, koma ine ndi Frazer tinkangoti landilodi. Akuluakulu a ntchito amaloledwa chipinda chimodzi choyeserapo zinthu. Frazer chake anachitcha "nsaru", n'kuchikhoma ndi loko wa masamu, woti ngakhale abwana sangaone zili m'katimo.

Kuiwala kwa munthu uja mukukudziwa. Apongozi ankadandaula kuti saimba foni, ndiye iye anajambula moni wambirimbiri, n'kulamula makinawo kuti Lamulungu lililonse 6 koloko m'mawa azitumiza umodzi. Ankachita kudzitama nazo, amvekere, "Alamu, ine ndimapereka moni ndili m'tulo." Mwini wake anapita, koma makina palibe anawauza.

Funsani apongozi ngati akufuna ndipemphe kuti chipindacho chizimitsidwe. Kuzimitsa n'kosavuta.

Za ng'amba ndamva. Chimanga cha kumtunda chikafota chisiyeni, limbikirani cha kudambo. Mtedza wambewu musagulitse ngakhale wina abwere ndi mawu okoma. Nsapato za Talandira zili m'katoni, ngati zakula aikemo thonje.

Ndine amuna anu,
Wilfred


Tembisa,
17 Malichi 2024

Amake Talandira,

Moni nonse kumeneko. Ndakondwa kumva kuti malungo a Talandira atha. Ine ndilipo. Kunabwera anthu ena pageti la pomwe timagona kudzafunsa ziphaso, koma zinatha, musaganizire.

Yankho la apongozi ndalimva, lakuti ndisayerekeze kuzimitsa. Mwati tsopano Lamulungu amasamba m'mamawa, n'kukhala pakhonde foni ili m'manja asanapite kutchalitchi, ndipo mwana wawo akati "mwadzuka bwanji amayi" iwo amayankha. Nditawerenga pamenepo ndinayamba ndatuluka panja kaye.

Uthenga munanditumizira uja ndaumvetsera kanayi. Kutsokomola kuja munakumva? Umenewo anajambula mu Okutobala, atayamba kale kuonda. Nthawi ya nkhomaliro ankati sakumva njala, n'kutsala yekha m'chipinda chozizira muja. Ife tinkamuseka kuti akufuna thupi la anyamata. Ndiye taimvani mmene akumalizira: "Ndajambula ambiri amayi, mudzachita kutopa nane." Munthuyu ankadziwa, Ethel. Ankadziwa, ife tili kalikiliki kumuseka.

Tsopano nayi nkhani yandilembetsa. Kampani yachotsa landilodi wakale n'kuika watsopano. Watsopanoyu maloko akale akuwatsegulabe, koma mwachisomo chabe, mpaka pa 31 Julayi. Tsiku limenelo kubwera wina amene maloko akale sawadziwa n'komwe, ndipo maseva akale achotsedwa. Aliyense wauzidwa kuti asamutse chipinda chake n'kuchikhoma ndi loko watsopano. Ndi ntchito ya mphindi makumi awiri basi. Koma kusamutsako kumafuna mawu achinsinsi a mwini chipinda, ndipo mwini chipinda ali pansi pa dothi ku Nsaru. Tikapanda kusamutsa, mawu onse otsala atsekeredwa m'menemo mpaka kalekale.

Komwe kuli mawu achinsinsiwo ndikukudziwa. Frazer zotere ankalemba m'kope lake lofiira. Kopelo ndinaliika ndine m'sutikesi yake yakuda, pakati pa malaya, tsiku lomwe tinkalongedza. Sindinalitsegule. Katundu wa malemu mlamu sapisamo dzanja, tonse tinaleredwa choncho.

Pitani kwa amalume anu a Hopeson, mukagwade bwino, muwapemphe kuti atsegule sutikesiyo pamaso pa anthu, mujambule tsamba limodzi lokha, atsekenso. Ine sindikufunamo ngakhale sokosi.

Mbuzi yabereka ija musaimangirire padzuwa.

Ndine,
Wilfred


Tembisa,
28 Epulo 2024

Amake Talandira,

Ndikhulupirira muli bwino ndi ntchito yosankha fodya. Kuno kwayamba kuzizira, ine ndili moyo.

Mawu a amalume anu andifika. Akuti sutikesi ya mwana wa mlongo wawo sitsegulidwa mpaka tsiku la chiliza mu Sepitembala, fodya atagulitsidwa, abale a ku Nambuma ndi ku Mpingu atasonkhana. Akuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ha! Nkhono ilibe 31 Julayi!

Ndinalimba mtima n'kuwaimbira ndekha Loweruka. Ndinawapatsa moni wonse, ndinafunsa za ng'ombe, za mwendo wawo, kenako ndinafotokoza za loko uja pang'onopang'ono ngati ndikuphunzitsa kalasi ya ubatizo. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza.

"A Wilfred," iwo anatero, "kodi mbumba imeneyi ndi yanu?"

Ndinati ayi, ndi yawo.

"Nanga mukufulumira chiyani ndi katundu wa munthu amene anafera m'manja mwanu?"

Ndinangoti pepani. Iwo n'kuwonjezera kuti ngati kompyuta yadikira miyezi isanu, idikiranso ina isanu, sidya nsima. Anadula foni.

Sindikuwada amalume, Ethel. Chaka chija anamwalira bambo anu aang'ono munaona nokha mmene anthu anakanganirana njinga maliro asanatuluke m'nyumba. Iwo akutchinga zomwezo. Kungoti sakudziwa kuti pali katundu wina amene amawola ngakhale uli wokhoma.

Ndikuululireni china. Ndinayesa kulota mawu achinsinsiwo. Ndinalemba dzina la apongozi, chinakana. Dzina la mudzi, chinakana. Dzina la timu yake ija yongoluza, chinakananso. Mnzanga wa kuntchito ndiye anandigwira mkono, akuti Frazer anachitchera kuti munthu akalakwitsa kasanu chifufute zonse. Ndatsala ndi mwayi uwiri ndipo sindiukhudzanso.

Mmene ndimadutsa pa seva yake ndimapezeka ndatsitsa mawu, ngati ndikudutsa pamasiwa.

Fodya musapatse mavenda oyenda pa njinga zamoto aja, dikirani a kalabu. Muuzeni Talandira kuti ndaona malikisi ake, masamu akufunika kukokera.

Ndine amuna anu,
Wilfred


Tembisa,
9 Juni 2024

Amake Talandira,

Moni. Kalata yanu ndailandira Lachinayi, ndipo chiwerengereni chakudya sichikulowa bwino. Thupi lili bwino, mtima ndiwo ayi.

Ndiye kumjigo akuti ine Frazer ndinamusandutsa ndondocha, eti? Akuti sanafe, ndinamutsekera m'kompyuta kuti azindigwirira ntchito, n'chifukwa chake amalira Lamulungu lililonse, n'chifukwa chakenso ndakwezedwa pantchito. Mayo ine! Munthu amene anandilandira pa depoti ya mabasi ya Park Station ndili ndi jumbo imodzi, amene anandiphunzitsa kugwira waya, ine ndimudye? Ndani wayambitsa? Musandiuze, ndikumudziwa.

Chondiwawa n'chakuti akunena pa zinthu zooneka. N'zoona ndapatsidwa udindo wake. Ndimakhala pampando wake. Jekete lake la ntchito lidakali pamsomali kuseri kwa chitseko, palibe akufuna kulichotsa, ndipo chitseko chikatsekeka manja ake amagwedera. Ndikamalowa m'mawa sindiyang'anako.

Tsopano za maganizo anu aja. Mwati sutikesi ili pamtanda m'nyumba ya apongozi, ndipo ngakhale kiyi ali ndi amalume, zipi yake mutha kuifunyulula ndi msomali apongozi ali kumunda, mujambule tsambalo, mubwezeretse. Mwati palibe angadziwe.

Ayi, Ethel. Musakhudze. Ndikukuletsani ine amuna anu.

Pamudzi palibe chinsinsi. Zipi ikangooneka kuti inakhudzidwa, adzati onani, mfiti ija yatuma mkazi wake kuti akachotse zizimba umboni usanaoneke. Mudzatuluka bwanji kupita kuchigayo? Talandira kusukulu azidzamutcha chiyani? Ine ndine mkamwini, nyumba yathu ili pamalo a kwanu. Ndikangolakwa apa, ndilibenso poponda. Ndipo kunena zoona, mtima wanga womwe ukukana. Kuba m'sutikesi ya Frazer, ngakhale kuba mawu okha, sindingathe.

Tichite zapoyera. Ndalembera a mkulu wampingo kuti akakambe ndi amalume, paja amamverana kuyambira ali anyamata. Masabata asanu ndi awiri alipo, si ochepa. Munthu wamkulu akamva kwa mnzake wamkulu amafewa.

Mwati uthenga wa sabata yatha ankaimba nyimbo ya pa ukwati wathu, mawu akuthawa. Munditumizire, koma masana, ndili pakati pa anthu.

Bulangete ndatumizalo ndi la apongozi, lanu libwera ulendo wina.

Ndine,
Wilfred


Tembisa,
21 Julayi 2024

Amake Talandira,

Ndilibe moni wautali lero. Ndikhulupirira muli moyo nonse.

Ndikanakumverani mu Juni muja. Ndanena, lembani penapake. Pamene ndinakuimbirani Lolemba kuti basi tengani msomali uja, ndinali nditachedwa kale. Ndiye kuti a mkulu wampingo atangopita kukakamba nawo, amalume anaona kuti sutikesi ikufunidwa kwambiri, n'kuimangirira panjinga yamoto kupita nayo kwawo ku Kabudula. Kalata yanga yomwe ndi imene yaithamangitsa. Ndadziluma lilime mpaka magazi.

Kuntchito anapachika mndandanda wa zipinda zosasamutsidwa. Mu Malichi zinali zoposa mazana awiri. Lero latsala dzina limodzi, lolembedwa mofiira, "nsaru".

Ndinapita kwa abwana athu, mayi wa ku Polokwane, munthu wabwino ndithu, anasonkha nawo pa maliro. Ndinawauza zonse, za apongozi pakhonde, za amalume, za chiliza. Anavula magalasi.

"Wilfred, kwathunso sutikesi sititsegula," anatero. "Koma loko wakaleyu akuba anamupezera njira. Tikasiya chipinda chimodzi, taika pangozi zinthu za anthu onse."

Ndinati nanga mundigulitse sevayo, muzindidula pamalipiro, ndikaisunge pansi pa bedi mpaka Sepitembala. Anapukusa mutu. Akuti inasungapo zinsinsi za makasitomala, ndiye lamulo la kampani ndi lakuti iphwanyidwe, pasatuluke ngakhale kachitsulo. Ndipo apa ndiye pali minga, Ethel. Kiyi wa chipinda cha Frazer ali pawiri. Theka ndi mawu ali m'kope aja, theka lina linawotcheredwa m'kachipangizo kakang'ono ngati chikhadabo m'kati mwa seva yakaleyo. Seva ikaphwanyidwa, kope lija ndi pepala chabe.

Lero m'mawa ndinapempha kulowa ngakhale si tsiku langa. Ndinaima kutsogolo kwa seva yake, dzuwa likutuluka panja. Itangokwana 6 koloko kanyali kobiriwira kanaphethira msangamsanga, kenako n'kudekha. Ndinadziwa kuti muli pakhonde nonse. Ndinapezeka ndanena mokweza kuti, "Mwadzuka bwanji alamu." M'chipindamo munalibe munthu wina, mafani oziziritsa maseva okhaokha.

Atsala masiku khumi. Tengani apongozi eni ake mupite nawo ku Kabudula. Ndikudziwa amati achimwene awo ndiwo eni mbumba, koma mwana ndi wawo, anamubereka ndi iwo. Akalire pamaso pawo ngati kuli kofunika. Mukwere galimoto, musayende nawo panjinga.

Wilfred


Tembisa,
11 Ogasiti 2024

Amake Talandira,

Moni kwa inu ndi mwana. Ndili moyo.

Musadziimbe mlandu. Munapita kawiri, ndikudziwa. Ulendo woyamba amalume anali ku Kanengo ndi mabelo awo, wachiwiri anati mawu anatha kale, chiliza chili pafupi. Apongozi akanatani pamaso pa achimwene awo? Anachita zimene anaphunzitsidwa, ngati ine.

Linali Lachitatu pa 31 Julayi, 2 koloko masana. Abwana anandifunsa ngati ndikufuna azimitse munthu wina. Ndinati ayi, ndizimitsa ndekha. Ndinayamba ndakopera chipinda chonse, chokhomachokhoma, pa kadisiki kanga, iwo anandilola poti palibe angachitsegule. Kenako ndinadina. Sipanamveke kanthu. Dzina lija linangosintha mtundu, kuchoka kobiriwira n'kukhala lotuwa.

Lachinayi lapitali kunabwera lole ya makina ophwanyira. Maseva akale tinawakweza pangolo n'kuwakankhira panja. Ya Frazer ndinakankha ndine. Kunyamula munthu mmodzi kawiri, Ethel, si zinthu. Makinawo amatafuna chitsulo ngati chigayo, ndipo sizinathe ngakhale mphindi imodzi. Anatipatsa chikalata chosonyeza kuti ntchito yagwirika bwino, ine n'kusainira.

Jekete lija ndalichotsa pamsomali, ndalipinda. Libwera ndi ine, osati ndi a transipota, anthu angayambenso.

Mwati uthenga womaliza, wa pa 28 Julayi, unalibe chachilendo. Anangoti amayi asamasenze nkhuni zolemera, ndipo akamva kuzizira azivala juzi lija anawagulira, asamalisungire Khirisimasi. Sungani bwino foniyo. Mauthenga onse analowa kale muwatumize kwa ine ndi kwa mlongo wanu wa ku Mpingu, asakhale malo amodzi.

Ku chiliza sindibwera. Mapepala anga sanatuluke, ndikatuluka pachipata cha dziko lino sindilowanso. Komanso nkhope yanga pamenepo ingowonjezera nkhani. Za simenti ndatumiza uthenga kwa a hadiweya pa Nsaru, mukatenge.

Ndimalota tili ndi Frazer pa ngolo ya ng'ombe, iye akulankhula, pakamwa pakuyenda, koma ine osamva kanthu.

Ndine,
Wilfred


Tembisa,
29 Sepitembala 2024

Ethel,

Moni. Ndamva kuti chiliza chinayenda bwino, anthu anadya, panalibe mkangano. Malaya anatenga a ku Nambuma, nsapato a ku Mpingu, wotchi amalume. Kope lofiira palibe analifuna, ndiye anakupatsani inu. Zithunzi za masamba ake zandifika Lachiwiri.

Mawu achinsinsi aja ndawaona, ali pamwamba pa tsamba lachitatu. Ndinatenga kadisiki kupita nako kuntchito, ndinawalemba mosamala chilembo chimodzichimodzi. Ndinkadziwa yankho, komabe ndinalemba. Landilodi watsopano anati loko wamtunduwu saudziwa. Mnzanga anandipezera pulogalamu yakale ija, tinaiika pa kompyuta ina. Iyo inalandira mawuwo, ndi olondola, kenako inafunsa theka lina la kiyi. Theka lija ndinalisainira ine mu Ogasiti.

Koma chandilembetsa si chimenecho. Inu munajambula masamba mofulumira, sindikudziwa ngati munawerenga m'munsi mwa tsamba lomwelo. Zilembo zake n'zopendama, dzanja linali litafooka kale. Ndikukoperani mmene zilili.

"Alamu Wilfred. Mukaona kuti ndagona, musadikire amalume, mukuwadziwa. Kampani isintha maloko chaka chamawa. Samutsani chipinda changa msanga, mawu ndi awa pamwambapa. Ndasiyamo mauthenga 160. Womaliza si wa amayi, ndi wa Ethel."

Apongozi amva 38 okha. Otsalawo akanawafikitsa zaka ziwiri ndi miyezi inayi. Wanu uja sindikudziwa ananenamo chiyani, ndipo palibe adzadziwe. Uli m'thumba la malaya anga pano ndikulemba, kadisiki kolemera ngati bokosi la machesi.

Pali chinthu sindinakuuzeni. Kuchipatala, tsiku lomaliza akutha kulankhula, anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Kope lija, alamu." Anabwereza kawiri, mpweya ukumuthera. Ine ndinamusisita n'kumuuza kuti asadandaule, lifika kunyumba bwinobwino, palibe alikhudze. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndinkati akundithokoza. Kopelo linagona m'chipinda changa masiku asanu ndi anayi tikudikira mapepala a bokosi, lili patebulo pomwe ndikulemberapa, ndipo ndinkalilambalala ngati mbale ya apongozi.

Amalume musawauze za tsambali. Iwo anasunga mwambo wawo, ndipo Frazer sanalembere iwo. Analembera ine.

Mwandiuza kuti Lamulungu lililonse apongozi akafunsa, mumawayankha kuti ndi netiweki, ndipo sabata yatha anakutumani mukwere pachulu ndi foni kuti mwina igwira. Lekani, Ethel. Musawakwezenso mtima. Mukhale nawo pansi, muwawerengere kalatayi yonse osadumpha. Akafunsa kuti mwana wawo wasiyiranji kuwapatsa moni, muwauze kuti iye sanasiye. Anandituma ine, ndipo ine ndinadikira.

Wilfred